Mwendo Wakutsogolo Sunaloke

1. Ndege ya malume

Mu 2019 Tione Chagunda adali ndi zaka 16. Ankakhala ku Dunoon, mu mzinda wa Cape Town, pamodzi ndi mayi ake a Tabitha, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Table View. Kwawo kudali ku Ntcheu, koma iye adachokako ali wamng'ono.

Malume ake, a Frackson, ankagona m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yomweyo. Ntchito yawo idali yosamalira maluwa ndi kapinga m'makomo mwa anthu. Ankayendetsa bakki ya abwana awo, galimoto yonyamulira katundu kumbuyo, ndipo Loweruka ndi Lamulungu ankaloledwa kukhala nayo.

A Frackson adali ndi ndege. Siidali yokwera anthu ayi. Idali ndege yaing'ono yoyendetsa ndi rimoti munthu ataima pansi. Mapiko ake adali otalika ngati mikono ya munthu wamkulu ataitambasula. Adaipeza mu 2015 ku Constantia, pa nyumba ina imene ankagwirapo ntchito nthawi imeneyo. Mwini nyumbayo adaigwetsa, n'kuiika pamodzi ndi zinyalala za m'munda kuti ikatayidwe. A Frackson adaipempha. Adaimata ndi kuikonza pang'onopang'ono, mpaka idaulukanso mu 2018.

Kumpoto kwa Table View kudali bwalo la kalabu ya anthu oulutsa ndege zoterezi. Pakati pa bwalolo padali kamsewu ka phula koterapo ndege, ndipo mbali zonse ziwiri kudali kapinga. A Frackson ndiwo ankatchetcha kapingayo. Chifukwa cha ntchito imeneyi kalabu idawalandira kukhala membala. Tione adaphunzirira kumeneko kuulutsa ndege, ndipo adayamba ndi kandege ka kalabu ka ophunzira.

Ndege ya a Frackson idali yosiyana ndi ka ophunzirako. Idali ndi miyendo itatu ya matayala: wakutsogolo, wakumanzere ndi wakumanja. Ikanyamuka, woyendetsa ankakankha swichi ya pa rimoti, miyendo n'kupindikira m'mimba mwa ndege. Pofuna kutera ankabweza swichiyo, miyendo n'kutuluka. Mwendo uliwonse udali ndi kamota kake koutulutsa. Ukafika kumapeto unkaloka, kuti usapindike ndege ikagunda pansi.

Wachinyamata wofuna kuulutsa ndege ya mtundu umenewu ankayenera kukhoza mayeso a kalabu. Mayeso a Tione adaikidwa Loweruka pa 16 Novembala. Kalabu idalibe ndege ya miyendo yopindika yobwereketsa, choncho a Frackson adati Tione agwiritse ntchito yawo. Adalibe ina.

2. Ku galaja ya Che Masoud

Lamulungu lomaliza mayeso asanafike, a Frackson ndi Tione adapita nayo ndegeyo ku Langa. Kumeneko kudali galaja ya Che Masoud, mkulu wa ku Mangochi wokonza magetsi a magalimoto. Iwo ndi a Frackson adadziwirana m'basi pa ulendo wobwera ku South Africa.

Mu Seputembala Che Masoud adali ataika timaswichi titatu m'mimba mwa ndegeyo, kamodzi pa mwendo uliwonse. Kaswichi kankakhudzidwa pokhapokha mwendo ukafika kumapeto n'kuloka. Zikatero ndege inkatumiza uthenga ku rimoti kudzera pa kawailesi kake. Anthu a ku kalabu ankatchula njira imeneyi kuti telemetri.

Woyendetsa sayang'ana pa rimoti ndege ili m'mwamba. Chifukwa cha ichi rimoti inkalankhula, ndipo mawu ake ankamveka pa hedifoni ya khutu limodzi. Mawuwo adali a Che Masoud. Adadzijambula okha m'Chichewa.

"Mwabwera nayo nkhuku yanu ija," adatero Che Masoud akupukuta m'manja.

"Tabweza wailesi yanu yabodza," adayankha a Frackson. "Sabata yatha inandiuza kuti mwendo wakutsogolo sunaloke. Ndazungulira, ndazungulira, mpaka batire kutsala pang'ono kutha. Potera, mwendo uli gwa ngati chitsulo cha njanji."

"Yanama kamodzi kokha, achimwene. Inu chibwerereni kuno mwanama kangati?"

"Ine ndimanamiza abwana okha. Ndimati maluwa afota ndi mphepo."

Che Masoud adatsegula mimba ya ndege n'kuunika ndi tochi. Adapeza kawaya kothothoka pa kaswichi ka kutsogolo. Adakawotcherera, kenaka adanyamula ndege m'mwamba n'kuuza Tione kuti abweze swichi. Miyendo idatuluka. Rimoti idati: "Kumanzere, waloka. Kumanja, waloka. Kutsogolo, waloka."

"Mwamva mawu amenewo? Ngati owerenga nkhani pa wailesi," adatero Che Masoud.

"Ngati otsatsa usipa pa depoti," adatero a Frackson.

Che Masoud adaseka, adakoka mpando n'kutembenukira kwa Tione.

"Khala apa, mwana wanga, ndikuuze zimene malume akowa sakonda kumva. Swichi ili pa chala chakoyo siidziwa kanthu za ndege. Imangodziwa chimene iwe wapempha. Ukaibweza ndiye kuti wapempha miyendo kuti ituluke, koma ngati yatulukadi, swichiyo singakuuze. Maso nawo ali ndi malire. Mwendo wotuluka n'kuloka ndi mwendo wotuluka osaloka imaoneka chimodzimodzi ndege ikamadutsa. Kusiyana kwake n'kochepa kuposa chikhadabo changachi. Koma kaswichi aka kali pomwepo, kakuukhudza mwendowo.

"Ndiye kakanena kuti sunaloke, chepetsa liwiro, ubweze miyendo, uitulutsenso. Kakanenanso zomwezo, usalimbane nako. Pinda miyendo yonse, zimitsa mota, utere ndi mimba pa kapinga. Ukanda penti, mwina uthyola pulopela, chozungulira cha kumphunochi. Imeneyo ndi ntchito ya madzulo amodzi. Koma ukatera pa phula mwendo wakutsogolo usanaloke, mwendowo upindika, mphuno igunda pansi, ndege igubuduzika. Mukatola mota uku, phiko uko. Ndegeyi siingamatidwenso kachiwiri, ndaona mkati mwake. Ndi guluu yekhayekha."

"Nanga kakanamanso?" adafunsa a Frackson.

"Kakanama mutaya penti basi. Akanama maso anu mutaya ndege yonse."

"Ndamva," adatero Tione.

3. M'bakki

Loweruka kudacha kopanda mitambo. Kunkaomba mphepo ya nyengo imeneyo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene a Frackson ankangoitchula kuti mwera. Siidali yaikulu yoletsa kuuluka, koma inkanyamula mchenga.

Pa kalabupo padali lamulo lakuti wosakwana zaka 18 saulutsa ndege yekha. Pambali pake pankaima munthu wamkulu, membala, woyang'ana ndege zina m'mwamba ndi kufuulira anthu ndege ikamanyamuka kapena ikamatera. Woima pambali pa Tione nthawi zonse adali a Frackson.

Atadutsa maloboti omaliza a ku Table View, a Frackson adazimitsa wailesi ya m'galimoto.

"Tamvera, mphwanga. Lero kukhala anthu ambiri. Kukhala azungu, kukhala makaladi, kukhala eni dziko ena onse. Amalawi pa bwalo lija ndife awiri, iwe ndi ine. Ena mwa anthu aja mpaka lero akandiona amandifunsa za kapinga, osati za ndege. Sindidandaula, koma ndikufuna uzidziwe.

"Ana awo ndawamva mmene amayankhira makolo. Bambo akuti ichi, mwana akuti icho, anthu akuonerera. Zimenezo n'zawo. Mayi ako anakulola kumabwera kuno chifukwa ndinawalonjeza kuti sudzatengera khalidwe limenelo. Ndiye pa bwalo paja maso ako akhale pa ndege, makutu ako kwa ine. Ndikati kwera, ukwere. Ndikati tera, utere. Ngati ndalakwitsa, udzandiuzire m'galimoto muno titatseka zitseko, ndidzakumvera. Ndegeyi ndi yanga. Ikasweka chifukwa cha mawu anga, mlandu ndi wanga, iwe sindidzakufunsa kanthu. Koma usanditsutse pamaso pa anthu aja."

"Nanga zija ananena Che Masoud?" adafunsa Tione.

"Hedifoni uvale, n'zabwino. Koma Masoud ali ku Langa pansi pa galimoto ya munthu. Ine ndili pano."

"Ndamva, malume."

4. Mayeso

Woyesa adali a Petersen, mphunzitsi wopuma ntchito. Adalankhula ndi Tione m'Chingerezi. Adamuuza kuti anyamuke, azungulire bwalo mbali zonse ziwiri, atembenuze ndege m'mwamba, adutse chapansi miyendo ili kunja, kenaka atere pa phula ndi matayala. Mamembala ena adali atakhala pansi pa shedi, kumbuyo kwa mpanda wa waya.

Tione adavala hedifoni kukhutu lakumanzere. A Frackson adaima kudzanja lake lamanja, a Petersen kumbuyo pang'ono.

Ndege idathamanga pa phula n'kunyamuka bwinobwino. Tione adapinda miyendo. Adazungulira bwalo kulowera kumanzere, kenaka kumanja. Mphepo inkakankha phiko limodzi, iye n'kumaibweza. Adaikweza, adaitembenuza chagada, n'kuiwongolanso pamalo pomwe a Petersen adanena.

"Bwino," adatero a Petersen. "Tsopano tulutsa miyendo, udutse chapansi."

Tione adabweza swichi. M'khutu mwake mudamveka mawu a Che Masoud: "Kumanzere, waloka. Kumanja, waloka." Kenaka mawuwo adati: "Kutsogolo, sunaloke."

Ndege idadutsa patsogolo pawo. Miyendo itatu inkaoneka bwinobwino kunsi kwake.

"Yonse yatuluka," adatero a Frackson. A Petersen adagwedeza mutu kuvomereza.

"Malume, akuti wakutsogolo sunaloke," adatero Tione motsitsa mawu, maso ali pa ndege.

"Ndauona ndi maso angawa. Uli pansi."

"Ndiyesenso kamodzi?"

"Yesa, koma msanga."

Tione adakweza ndege, adachepetsa liwiro, adapinda miyendo n'kuitulutsanso. Mawu a m'khutu adabwereza zomwe zija: "Kutsogolo, sunaloke." Pasanapite nthawi adawonjezera kuti: "Batire latsala pang'ono."

"Akutinso sunaloke, malume. Batire nalonso likutha."

"Kawaya ka Masoud kathothokanso. Tera."

A Petersen sankamva Chichewa. Adafunsa ngati pali vuto. A Frackson adayankha m'Chingerezi kuti palibe. Kenaka adakweza dzanja n'kufuulira bwalo lonse kuti ndege ikutera pa phula.

Pa phula padalibe munthu. Koma pa kapinga wa tsidya lina padali amuna awiri atagwada, akukonza ndege yawo imene idatera patali. Malinga ndi mawu a a Frackson, adalibe chifukwa chochokerapo, ndipo sadachoke. Lamulo la bwalo lidali lodziwika kwa aliyense: woyendetsa akasintha malo oterapo ayenera kufuula yekha kuti onse amve. Tione sakadatha kutera pa kapinga mwakachetechete.

Ndege idakhota komaliza n'kulunjika kumene kunkachokera mphepo. Idayamba kutsika. M'khutu lakumanzere Che Masoud adati: "Kutsogolo, sunaloke." Kudzanja lamanja a Frackson adati: "Wabwera bwino. Tsitsa pang'ono. Tsitsa."

Tione adakankha swichi. Miyendo yonse itatu idapindikira m'mimba, anthu onse akuona.

"Ukutani?" adatero a Frackson. "Tione, tulutsa miyendo."

Tione adafuula m'Chingerezi, ndi mawu aakulu amene malume ake adali asanawamvepo. Adati satera pa phula. Adati akutera pa kapinga popanda miyendo, ndipo onse amene ali pa kapinga achokepo. Adabwereza kachiwiri.

Amuna awiri aja adanyamula ndege yawo n'kuthamangira kumpanda. Anthu a pansi pa shedi adaimirira.

Tione adapatutsa ndege kuchoka pamwamba pa phula. Adazimitsa mota. Ndege idatsika pang'onopang'ono, idakhudza kapinga ndi mimba, idatsetsereka mtunda waufupi n'kuima. Mbali imodzi ya pulopela idathyoka. Mapiko ndi mphuno zidali bwinobwino.

Munthu wina adawomba m'manja, koma ataona kuti ali yekha adaleka. Wina, bambo wa chipewa chofiira, adafuula akuseka: "Frackson, lero tadziwa amene amalamula kunyumba kwanu." Ena adaseka nawo.

A Frackson adatsitsa dzanja lawo. Sadatembenuke.

A Petersen adafunsa Tione chifukwa chimene adachitira zimenezo. Iye adafotokoza zimene adamva m'khutu.

"Woyendetsa unali iwe, ndiye kusankha kunali kwako," adatero a Petersen. "Koma mayeso amafuna kutera ndi matayala, ndipo sunatero. Sunakhoze. Mayeso ena adzakhalako mu Febuluwale."

5. Patebulo

A Frackson adakatenga ndege okha. Adaiika patebulo lokonzerapo ndege pafupi ndi shedi. Anthu adawazungulira. Adasolola hedifoni pa rimoti kuti mawu amveke kwa onse, adanyamula ndege ndi dzanja limodzi n'kubweza swichi.

Miyendo idatuluka. Rimoti idati: "Kumanzere, waloka. Kumanja, waloka. Kutsogolo, waloka."

Anthu sankamva mawuwo, koma adaona magetsi atatu obiriwira pa galasi la rimoti. A Frackson adapinda miyendo n'kuitulutsanso. Idalokanso yonse. Adagwira mwendo wakutsogolo n'kuukankha mwamphamvu. Sudagwedezeke.

"Mwendo ulibe vuto," adatero bambo wa chipewa chofiira. "Mwana wataya mayeso chifukwa cha kachidole kolankhula. Ine ndaulutsa zaka zonsezi ndi maso okha."

Anthu adayamba kubwerera ku ndege zawo. Tione adaima kumapeto kwa tebulo, manja ali kumbuyo.

"Masula mapiko, ukaike m'bakki," adatero a Frackson.

Tione adamasula mapiko. Adapukuta udzu umene udamatirira kumimba kwa ndege, adatola chidutswa cha pulopela, n'kulongedza zonse.

Sadanyamuke nthawi yomweyo. Loweruka lililonse masana a Frackson ankatchetcha kapinga wa bwalo, ndipo tsikulo adatchetchanso. Adayamba ndi mbali imene ndege idatsetserekapo. Tione adakhala pa tayala lakale pafupi ndi geti. Magalimoto adatuluka imodziimodzi. A Petersen adamukwezera dzanja podutsa.

6. Chala pa mwendo

Dzuwa litapendeka pa bwalo padatsala anthu awiri okha. A Frackson adazimitsa makina otchetchera, adakasamba m'manja pa mpopi, n'kupita kubakki. M'malo mokwera, adatsitsa thupi la ndege lija.

"Gwira rimoti," adatero.

Tione adaigwira.

"Potchetcha paja ndimaganiza," adatero a Frackson. "Miyendo iwiri ya m'mbaliyi imatulukira cham'mbali. Wakutsogolowu umatulukira kutsogolo, kumene mphepo ikuchokera ndege ikamauluka. Patebulo paja panalibe choukankha. Pinda."

Miyendo idalowa.

A Frackson adaika chala chimodzi patsogolo pa mwendo wakutsogolo, mongokhudza. "Tulutsa."

Kamota kadalira. Mwendo udatuluka ukukankha chalacho, udafika pooneka ngati wawongoka, kamota n'kuima. Rimoti idati: "Kumanzere, waloka. Kumanja, waloka." Kenaka idati: "Kutsogolo, sunaloke."

A Frackson adayang'ana mwendowo chapafupi, kenaka chapatali. Udali wowongoka ngati nthawi zonse. Adaika ndege pansi n'kudinikiza mphuno yake pang'ono. Mwendo udapindika, mphuno n'kugwera m'dzanja lawo.

Adatenga sikuludilaiva n'kumasula chivundikiro cha kamota. Pa kachitsulo kozungulira kokankha mwendo padali girizi wakuda wosakanikirana ndi mchenga. Adamutola ndi nsonga ya sikuludilaiva, n'kumutikita pakati pa zala ziwiri. Adakhala pansi pa kapinga. Tione naye adakhala pansi chapatali pang'ono, atapinda miyendo kumbali.

"Ndege waipulumutsa," adatero a Frackson. "Zimenezo ndaziona, sindizibisa. Masoud ndimuuza ndekha, andiseke mmene angathere. Ukanatera monga ndinanenera, bwenzi pano tikutola zidutswa m'thumba la zinyalala. Ine ndikanakhala chete, iwe ukanakhala wopanda mlandu, chifukwa ndinalonjeza.

"Koma tamvera izi. Anthu anaseka aja sanaone chala changa pa mwendowu. Anaona mwana akufuula pamwamba pa mawu a malume ake. Kenaka anaona miyendo ikuloka patebulo. Apita kwawo ndi zimenezo. Ndikhoza kuwaonetsa mchengawu sabata yamawa, ena amvetsa, koma kuseka kuja kwachitika kale. Ine ndidzabwerabe kudzatchetcha kapinga wawo, wa chipewa chofiira uja ali pomwepo. Sindikunena kuti unalakwitsa kutera pa kapinga. Ndikunena kuti uzidziwa kuti ngakhale usankhe bwino, pamakhala munthu amene wamupweteka. Lero munthuyo ndine. Uzimuona munthu ameneyo, usamangoona ndege yokha."

"Pepani, malume," adatero Tione.

"Ukupepesa chiyani? Kuti unafuula, kapena kuti sunatere pa phula?"

"Kuti anakusekani."

"Chabwino. Nanga zikadzachitikanso? Ine ndikuti tera, Masoud m'khutumo akuti sunaloke, pa kapinga pali anthu?"

Tione adayang'ana pansi. Adazula kaudzu kamodzi n'kukataya.

"Ndidzafuulanso, malume."

A Frackson adatenga chivundikiro chija n'kuyamba kubwezera timasikuluwu m'malo mwake.

"Ndathokoza kuti sunandinamize," adatero. "Koma ngati zili choncho, sindingaimenso pambali pako. Sindingamafuule pa bwalo pano mawu amene ndikudziwa kuti akhoza kubwezedwa. Kamotaka ndikatsuka, pulopela ndipeza ina. Mu Febuluwale ndegeyi udzaitenga. Koma woima pambali pako upeze wina."

"Ndani, malume? Che Masoud si membala, ndipo Loweruka amagwira ntchito."

"Zimenezo uganize wekha. Ndipo si zokhazo. Mayi ako ndinawalonjeza, ndiye ndiyenera kuwauza. Ndiwauza zonse, za mchenga ndi za kufuula zomwe. Akati basi, ndiye kuti basi."

Adanyamula ndege n'kuigoneka m'bakki, pakati pa matumba awiri a udzu kuti isagubuduke.

7. Pageti

Adafika ku Dunoon kusanade. Ana ankasewera mpira mumsewu, ndipo a Frackson adayendetsa pang'onopang'ono mpaka pageti.

A Tabitha adali atangofika kuchokera kuntchito. Adali panja akuanula zovala, nsapato za kuntchito zidakali kumapazi. Atamva bakki adabwera kugeti, malaya a sukulu a Tione ali paphewa.

"Nanga oyendetsa ndege athu? Akhoza?" adafunsa akumwetulira.

Tione adatsika, adapereka moni, n'kuima pambali pa galimoto. A Tabitha adamuyang'ana, kenaka adayang'ana m'bakki. Adaona pulopela yothyoka.

"Aigwetsa?"

"Sanaigwetse," adatero a Frackson. "Achemwali, tengani mipando iwiri, tikhale panja pano. Tione, kaike ndege kuchipinda kwanga. Ukhale komweko mpaka tikuitane."

Tione adanyamula thupi la ndege, adabweranso kudzatenga mapiko. Adalowa m'chipinda cha kuseri n'kutseka chitseko. Khoma lake lidali la malata. Adamva mipando ikukokedwa pa simenti, kenaka mawu a mayi ake, opanda kuseka tsopano.

"Nenani, achimwene. Walakwa chiyani mwanayu?"



"Mukamva zonse," adatero a Frackson, "mundiuze inuyo ngati walakwa."